Zimene ndaphunzira poyerekeza mamodemu a foni ya waya

Sabata ino, pa phunziro la mbiri ya kulumikizana kwa makompyuta, ndakhala ndikuyerekeza mamodemu akale oyimba pa foni ya waya (zipangizo zotumizira deta ya kompyuta kudzera pa waya wa foni), pofuna kudziwa amene ankagwira ntchito pa makompyuta amphamvu a mainjiniya otchedwa workstation, monga a Sun oyendera Solaris ndi a Silicon Graphics oyendera IRIX. Poyamba maso anga anali pa liwiro basi. Muyezo wa V.34 wa mu 1994 unkafika mabiti 28,800 pa sekondi, ndipo V.90 wa mu 1998 unafika pa 56k (mabiti 56,000 pa sekondi) utathetsa mpikisano wa x2 ya US Robotics ndi K56flex ya Rockwell ndi Lucent, njira ziwiri zimene sizinkamvana.

Koma nditawerenga mozama ndinazindikira kuti funso lenileni ndi lakuti nzeru za modemu zili kuti. Modemu yakunja, yolumikizidwa ndi chingwe cha RS-232, imasandutsa yokha deta kukhala phokoso la pa waya, ndipo imamvera malamulo a AT (mawu achidule amene kompyuta imalamulira nawo modemu) amene kampani ya Hayes inayambitsa mu 1981, choncho kompyuta iliyonse yokhala ndi khomo la serial (polowetsa chingwe chimenechi) ikhoza kulankhula nayo popanda pulogalamu yapadera. Mamodemu otchipa otchedwa Winmodem anali osiyana kwambiri, chifukwa ntchito yaikulu ankaisiyira purosesa ya kompyuta kudzera mu driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizocho) yolembedwera Windows, moti pa Solaris kapena IRIX anali opanda ntchito, ndipo ngakhale ogwiritsa ntchito Linux anavutika nawo kwa zaka zambiri. Zimenezi zinandikhudza, poganizira munthu amene anagula chipangizo chooneka chamakono n'kupeza kuti sichimva chilankhulo cha makina ake.

Palinso nkhani ya khomo lenilenilo, imene ndinatsala pang'ono kuidumpha. Makina ambiri a Sun otchedwa SPARCstation ankalekera pa mabiti 38,400 pa sekondi pa khomo la serial, motero modemu ya 56k sinkatha kuonetsa mphamvu zake zonse, ndipo chingwe chopanda mawaya a RTS ndi CTS (amene modemu ndi kompyuta zimauzirana kuti deta ipite kapena idikire) chinkachititsa kuti deta izitayika modemu ikalephera kuuza kompyuta kuti iyambe yadikira. N'chifukwa chake m'kope langa ndaika US Robotics Courier yakunja pamwamba pa mamodemu onse amkati amene ndinawayerekeza.