Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Madzi a ku Alappuzha ndi tiyi wa ku Munnar

M'gawo lapita lija ndinakusiyani ndili ku Kochi, mzinda wa m'chigawo cha Kerala kum'mwera kwa India, nditangomaliza mayeso a teremu yoyamba ya maphunziro a zausodzi. Munali mu December 2017. Anzathu a komweko ankalongedza zikwama kupita kwawo kukadya Khirisimasi, poti ku Kerala Akhristu aliko ambiri, ndipo mwezi umenewu pakhonde pa nyumba zawo pamalendewera nyenyezi za pepala zoyaka usiku wonse. Ine kwathu ku Mulanje kunali kutali, tikiti ya ndege yosayambika. Ndinali nditavomereza kale kuti nditsala ndekha m'hositelo.

Mnzanga wina wa m'kalasi, mwana wa ku Kuttanad, dera la ngalande ndi minda ya mpunga kufupi ndi tawuni ya Alappuzha, anakana zimenezo. Ankanditchula kuti chetta, ndiye kuti achimwene m'Chimalayalam, chilankhulo cha ku Kerala, poti ndinali wamkulu kwa iye. "Chetta, simungakhale kuno miyezi yonseyi n'kumangodziwa njira ya ku kalasi yokha. Tiyeni kwathu."

Tinakwera sitima ya pamtunda ku Ernakulam, mumzinda wa Kochi momwemo, m'mamawa, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tinali titatsika ku Alappuzha, tawuni imene azungu ankaitcha Alleppey. Kuchoka apo panalibenso za basi. Tinapita padoko n'kukwera boti la boma, la mabenchi a matabwa ndi injini yaphokoso, mtengo wake timarupi tochepa kwambiri. M'botimo munali ana asukulu, masisitere awiri, bambo wina ndi thumba la simenti, ndi mayi atanyamula nthochi phava lathunthu.

Ife Amalawi tikamva za madzi timaganiza za nyanja yathu: mchenga, mafunde, mwera, tsidya losaoneka. Kumeneko n'kwina. Madzi a kumeneko ndi odekha ngati a mumtsuko, ndipo ndiwo msewu, ndiwo njira ya kumsika, ndiwo bwalo la pakhomo. Mitsinje ya Pamba, Achankovil, Manimala ndi Meenachil imatsika m'mapiri n'kudzamwazika m'ngalande zosawerengeka isanathire m'nyanja ya Vembanad, yomwe ndi yaitali koposa nyanja zonse za mu India. Pakati pa ngalande ndi munda pamakhala kamtunda kopapatiza, mwina masitepe khumi m'lifupi, ndipo pakamtunda pomwepo pali nyumba, tchalitchi, kagolosale, khola la mbuzi ndi mitengo ya kokonati yoweramira m'madzi. Boti linkaima pakhomo ndi pakhomo ngati minibasi ya ku Limbuli. Penapake tinadikira mkulu wina adutse ndi abakha ake, mazanamazana, akuwakusa ali m'kabwato, nsungwi yaitali ili m'manja.

Chimene chinandizunguza mutu ndi minda. Ndinayang'ana kumanzere, madzi a m'ngalande ali pamwamba; ndinayang'ana kumanja, kuseri kwa mzere wa dothi, mpunga uli pansi, kunsi kwa madziwo. Ku Kuttanad amalima pamalo otsika kuposa nyanja yamchere, mamita awiri kapena kuposera apo. Makolo awo anaumba makoma a dothi lakuda m'nyanjamo, n'kumapopa madzi kuwatulutsa kunja mpaka nthaka ioneke. Kuti madzi amchere asalowe m'nyengo yachilimwe, boma linamanga chotchinga chachitali ku Thanneermukkom. Alimi a mpunga chinawathandiza, koma bambo ake a mnzangayo, amene anali msodzi, ankachitchula mokwiya, ati chinatsekera njira nkhanu ndi nsomba zobwera kudzaswana, ndipo madzi osayenda anabala udzu. Udzuwo nditauona ndinauzindikira nthawi yomweyo. Ndi namasupuni yemweyu amene timalimbana naye pa baraji ya ku Liwonde.

Alendo ambiri amabwerera maboti ogonamo aja otchedwa kettuvallam. Dzinalo limatanthauza bwato lomangidwa ndi zingwe, chifukwa matabwa ake amasokedwa ndi chingwe cha makoko a kokonati popanda msomali, kenako n'kumatidwa ndi phula lakuda. Kale ankanyamula mpunga ndi zokometsera ndiwo kupita ku Kochi. Malole atalanda ntchitoyo, cha m'ma 1990 anthu anayamba kuwafolera bwino ndi nsungwi ndi mikeka, kuikamo zipinda, mabedi ndi khitchini. Usiku umodzi m'menemo unali ndalama yanga ya chakudya ya mwezi wathunthu, choncho ndinangolowamo kukaona, amalume ake a mnzangayo atatiitana poti ankaphika m'limodzi mwa mabotiwo. Dzuwa likamapendeka onse amakocheza, kuti asodzi aponye maukonde.

Madzulo amayi ake anatipatsa kappa ndi nsomba. Kappa ndi chinangwa chophika chosakaniza ndi kokonati, ndipo nditangoluma ndinakumbuka ku Nkhata Bay. Nsombayo inali karimeen, yopakidwa tsabola n'kukulungidwa m'tsamba la nthochi, kenako n'kuwotchedwa pachiwaya. Ndi ya banja limodzi ndi chambo chathu, ngakhale ndi yafulati ndiponso yamadonthomadontho. Ndinadya mpaka mutu, iwo akuseka kuti mlendo uyu nsomba amaidziwa.

Masiku atatu amenewo foni sinachoke m'manja mwanga. Nyumba iliyonse ili ndi timasitepe tamwala totsikira m'madzi, ndipo moyo wonse wa pakhomo umachitikira pamenepo. Ndinajambula mayi akumenyetsa zovala pamwala. Ndinajambula gogo wina akusamba, atangomanga kansalu m'chiuno. Ndinajambula kamtsikana kakutsuka m'mano, thovu lili kukamwa. Sindinapemphe aliyense. Ndinaona ndithu kuti amayi ake a mnzanga, boti la alendo likamadutsa, ankasiya kutsuka miphika n'kufulatira mpaka lipite, koma ndinangoti ndi manyazi a anthu achikulire.

Tsiku lachinayi tinanyamuka ulendo wa kumapiri. Kuchokera ku Kochi kukafika ku Munnar ndi makilomita pafupifupi 130, koma basi imatenga maola anayi kapena asanu chifukwa cha makona. Basi zake mawindo alibe magalasi, muli zotsekera zokoka, ndiye mphepo imakuuza yokha kuti mukukwera. Tinadutsa minda ya rabala, mtengo uliwonse uli ndi kambale komangirira. Titaoloka mlatho wa ku Neriamangalam tinalowa m'nkhalango, tinaona mathithi a Cheeyappara akugwera m'mphepete mwa msewu penipeni, anyani ali pamiyala. Kupitirira Adimali kunayamba kuzizira. Ndinali nditatsinzinako pang'ono pamene fungo linandidzutsa, fungo la masamba a tiyi akufota m'fakitale. Ndinatsegula maso mtima ukugunda. Mapiri onse anali obiriwira, ometedwa mofanana, mizere ya bulugama ili m'zitunda, nkhungu ikukwawa m'makhwawa ngati tsiku la chiperoni.

Amene mwatsatira mbiri iyi kuyambira pachiyambi mukudziwa kuti ndinabadwira m'malaini a pa esiteti ya tiyi, ndipo amayi anathyola tiyi zaka zoposa makumi awiri kuti ine ndiphunzire.

Munnar ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene pamakumana mitsinje itatu, ndipo dzinalo likutanthauza zomwezo. M'mawa mwake tinapita ku Eravikulam National Park. Galimoto za anthu zimatsala kunsi, onse amakwera basi ya paki. Kumtunda kuli udzu waufupi ndi timankhalango m'zigwa, ngati pamwamba pa phiri la Mulanje ukadutsa ku Chambe. Tinaona mbuzi zam'tchire zotchedwa Nilgiri tahr, zosaopa anthu, zikudya udzu pafupi ndi mapazi athu. Anatilozera nsonga ya Anamudi, mamita 2,695, phiri lalitali koposa kum'mwera konse kwa India. Ndinamuuza mnzanga monyadira kuti Sapitwa wathu ndi 3,002. Aliyense ankakamba za neelakurinji, duwa lobiriwira ngati thambo limene limachita maluwa kamodzi pa zaka 12. Linatuluka mu 2006, ndiye anthu ankayembekezera 2018 ngati ukwati.

Pobwerera tinatsika basi panjira kuti tiyende wapansi m'minda. Pakona ina panali magalimoto a alendo ataima. Mnyamata wina ankabwereketsa dengu ndi mpango kuti atsikana a m'tawuni avale n'kujambulitsa ngati akuthyola tiyi. Chapansipa panali azimayi enieni a ntchitoyo, mapulasitiki okhuthala atamanga m'chiuno kutchinga mame ndi zitsotso, ambiri akudula ndi masizasi akuluakulu okhala ndi kathumba. Anthu ogwira ntchito m'minda ya ku Munnar ambiri ndi Atamil, zidzukulu za amene anabweretsedwa ndi atsamunda a ku Britain kuchokera kuseri kwa mapiriwo, ndipo mpaka lero amakhala m'nyumba zazitali zogawidwa zipinda, zimene nawonso amazitcha malaini.

Mayi mmodzi anali pafupi ndi msewu, akuthyola ndi manja. Alendo anamuzungulira, wina akumuuza kuti amwetulire, wina akumukodola kuti atembenukire kudzuwa. Nanenso ndinakweza foni. Pagalasi la foniyo ndinaona zala zake: chala chachikulu ndi cholozera zakuda bii, zong'alukang'aluka, zikhadabo zitatha. Zala zimenezo ndinkazidziwa. Ndinkaziona madzulo alionse pa nyali ya koloboyi, amayi akuzipaka mafuta, akufuuza ming'alu ikawawa. Ndipo ndinakumbuka tsiku lina ndili Sitandade 4, nditawapititsira mbatata kumunda, galimoto ya azungu itaima pamsewu wa ku Muloza n'kuyamba kuwajambula. Amayi anaweramitsa mutu mpaka galimoto inapita, kenako anati, "Nkhope yanga yapita ku Ulaya, mwini wake ndi ku Lilongwe komwe sindinapondeko." Anafulatira ndendende ngati amayi ake a mnzanga pa masitepe paja.

Foni ndinaibweza m'thumba. Alendo atachoka ndinatsikira mumzere, n'kupempha ndi manja kuti ndithyoleko. Mayiyo anangogwedeza mutu, kuganiza kuti ndi zomwezija. Ndinayamba ndi manja onse awiri, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kusiya tsamba lokhwima, kudzaza chikhatho n'kuponya kumbuyo osacheuka, monga ndinkachitira pa holide pothandiza amayi kukwanitsa makilo. Iye anaima chilili, kenako anakuwira anzake. Anabwera anayi, akuseka, wina akundigwira dzanja kuliyang'ana.

"Thambi, unaphunzira kuti?" Thambi ndi mng'ono kapena mlongo wamng'ono m'Chitamil. Mnzanga ndiye ankamasulira, poti zilankhulo ziwirizo n'zapachibale.

Ndinawauza kuti ku Africa kulinso tiyi, ndipo amayi anga ndi mnzawo wa ntchito. Za njovu kapena mikango sanandifunse. Anandifunsa kuti amayi amathyola makilo angati patsiku, kuti kapitawo amadula angati masamba akanyowa ndi mvula, kuti denga la kulaini limadontha kapena ayi, kuti msana ukuwapweteka pati. Ndinayankha zonse, chifukwa ndinkazidziwa. Kenako mayi uja anandiuza, maso akuwala, kuti iye anali nawo pa sitalaka ya mu September 2015, pamene azimayi othyola tiyi zikwizikwi anakhala pansi pamsewu wa m'tawuni ya Munnar masiku 9, atakana kutsogoleredwa ndi abambo a m'mabungwe a antchito. Gulu lawo ankalitcha Pembilai Orumai, umodzi wa azimayi. Anapata bonasi imene ankafuna, ndipo pambuyo pake malipiro a patsiku anakwera kuchoka pa marupi 232 kufika pa 301, ngakhale iwo ankafuna 500. "Alendo masiku amenewo anasowa podutsa," anatero, "ndipo anatijambula tili chikhalire, osamwetulira."

Belu la sikelo litalira anasenza matumba awo. Mayi uja anamasula kampango n'kundipatsa theka la chakudya chake, mpunga wozizira ndi tsabola, ndipo ndinadya nditakhala pamwala, manja akununkha utomoni wa tiyi. Chithunzi chake ndilibe. Dzina lakenso sindinalembe, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero, makamaka kuyambira mu August 2020 pamene ndinamva kuti napolo wakwirira malaini ku Pettimudi, kufupi ndi Eravikulam komweko, n'kupha anthu pafupifupi 70. Ndinakhala usiku wonse pa intaneti kuyang'ana nkhope za omwalira.

Usiku umenewo ku Munnar, m'kachipinda kozizira kamene tinachita lendi, ndinatsegula zithunzi za ku Kuttanad. Ndinafufuta gogo wosamba uja, kamtsikana ka thovu kukamwa, ndi mayi wochapa. Ndinasiya abakha, minda ya mpunga ndi dzuwa likulowa pa Vembanad. Kenako ndinaimba pa WhatsApp ya mchemwali wanga kuti ndilankhule ndi amayi. Kwathu kunali kukali kowala, poti India ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka.

"Amayi, kuno ndapeza tiyi. Phiri lonse, ngati kwathu komweko. Ndathyolako lero."

"Inu bambo, tinakutumizani kusukulu kapena kukathyola tiyi?" Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa ndi mawu otsika, "Othyolawo ndi azimayi ngati ife?"

"Eya, ngati inu nomwe."

"Nanga zala zawo amapaka chiyani?"

Sindinawafunse zimenezo, ndipo m'mawa mwake basi yathu inanyamuka kusanache. Tinabwerera ku Kochi pa 2 January, ine ndi paketi ya tiyi ya amayi m'chikwama. Miyezi isanu ndi iwiri pambuyo pake, maluwa a neelakurinji ali pafupi kutuluka, mvula inayamba kugwa osaleka, ndipo mnzanga uja analandira foni pakati pa usiku kuti madzi afika pawindo la nyumba yawo. Za chigumula cha 2018 ndi momwe tinakawapezera makolo ake ndidzakusimbirani m'gawo 15.