Mayi wa ndevu wonyamula firiji

Ndili ndi kavani kanga kuno ku Peterborough, ku England, ndimasamutsa anthu katundu. Makasitomala ambiri ndi a ku Poland, amene anayamba kukhamukira kuno dziko lawo litalowa mu EU mu 2004. Ndiye ndinati pawebusaiti yanga pakhalenso tsamba la Chipolishi, ndalama zisamandidutse pakhomo.

Zolipira womasulira ndinakana, ndine munthu woumira. Ndinapita kwa mayi wina wa ku Lublin, mzinda wa ku Poland, amene amagulitsa soseji mushopu ya pakona, n'kuwapempha andilembere mawu akuti ndinabadwira ku Malawi, ndinabwera ku England, ndinagula vani. Anandilembera papepala lokulungira soseji lomwelo, mafuta ali noninoni: urodziłam się, przyjechałam, kupiłam. Ine n'kukopera chilembo ndi chilembo.

Kwathu "ndinabwera" ndi "ndinabwera" basi, kaya akunena ndi agogo aamuna kaya namwali. Chipolishi sichitero. Ukamakamba zakale, mneni amaulula ngati wavala buluku kapena chitenje: mwamuna amati przyjechałem, mkazi przyjechałam. Mayi aja anangolemba mmene amayankhulira eni ake, ndipo ine ndinalengeza ku tauni yonse kuti ndine mkazi.

Foni inayamba kulira. Aliyense akufunsa za "Pani", ndiye kuti mayi. Ndinayamba kuwayang'ana cham'mbali akunyumba.

"Abambo inu, Apolishiwo ndingawadziwire kuti ine?" anatero.

Kenako agogo ena aakazi anandiitana kuti ndikawasamutse. Kutchalitchi kwawo anali atafalitsa kale kuti apeza mayi wa ku Africa wonyamula firiji yekha, ndipo anzawo awiri anabwera kudzaonerera. Nditagogoda anatsegula pang'ono, kuona ndevu, chitseko phwa! Loko wam'mwamba, loko wam'munsi. Ndinaima pamvula mpaka mdzukulu wawo anafika. Anawerenga tsamba langa pafoni, n'kukhala pansi pamasitepe chifukwa miyendo inafooka ndi phwete.

Usiku womwewo ndinalamula kompyuta kuti paliponse pali -łam pakhale -łem. Inamvera mopitirira. Patsambalo panali mawu oyamikira a kasitomala wina wamkazi, akuti byłam zadowolona, kutanthauza kuti anakhutira. Mawuwo anasanduka byłem zadowolona: kuyamba chiganizo ali bambo, kumaliza ali mayi. Anaimba foni amuna awo, ndipo sanafunse za mitengo.

Mdzukulu uja ndiye anandipulumutsa, malipiro ake mowa. Mbiri yanga anaikonza kukhala yachimuna, koma polankhula ndi mlendo amene sukumudziwa anati uzingozemba. M'malo mofunsa kuti zapomniałeś hasła, zomwe zimaganiza kuti woiwala pasiwedi ndi mwamuna, anaika nie pamiętasz hasła, poti mneni wa nthawi ino sasankha. Pamene munthu wasankha tsiku analemba wybrano datę, tsiku lasankhidwa, osatchula wosankha. Anawonjezanso kuti amayi akakhala okhaokha amati były, koma pakangolowa bambo mmodzi, ngakhale amayiwo akhale 99, gulu lonse limasanduka byli. Akunyumba atamva zimenezi anati chilankhulocho chinapangidwa ndi akuchimuna kwanga.

Agogo aja ndinawasamutsa ndithu, firiji ndi zonse, ndipo anandipatsa mbale ya pierogi, chakudya cha kwawo. Koma nkhani inafika kale pagulu la WhatsApp la Amalawi akuno, moti Loweruka lapitali ndalandira uthenga wondiitana ku kitchen party, ati ndibwere nditavala yunifomu ya chitenje.