Kuchepetsa ma rates kuti mabizinesi abwere ku Chipata

Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo Mwami boda ili pafupi pomwepa. Nkhani yochepetsera amalonda ma rates (msonkho wa malo ndi nyumba) kuti abwere kuno ndigwirizana nayo, koma pakhale pangano lolembedwa.

Ma rates ndi a khonsolo, si a ZRA (bungwe lotolera misonkho ya boma), ndiponso si ground rent (lendi ya malo) ya ku Ministry of Lands. Amawerengedwa pa mtengo wa malo ndi nyumba wolembedwa mu valuation roll (kaundula wa mitengo ya malo ndi nyumba), motsata Rating Act ya 2018. Ndiye amene wamanga fakitale yoyenga mafuta a soya, mtengo wa malo ake ukwera, bilu nayo ikwera, asanagulitse ngakhale botolo limodzi. Apa mpamene pofunika kumupeputsira.

Ine ndikanati: chaka choyamba alipire theka, kenako zizikwera mpaka chaka chachisanu alipire zonse. Chotsitsidwacho chikhale pa chomangidwa chatsopano chokha. Nchito zimene walonjeza tizizionera pa mapepala a NAPSA (bungwe la penshoni ya anchito), osati pakamwa. Akatseka nthawi isanakwane, abweze zonse.

Choonongeka nthawi zambiri nchakuti wamashopu wakale ku Down Shops, amene walipira zaka zonsezi, aiwalika, pomwe wina angosintha dzina la kampani nkukhala "watsopano". Ndalama imene khonsolo itaya pamenepo ndi ija yotolera zinyalala ndi kukonza ngalande ku komboni ya Kapata.