Ufa wa makilo 10 pa Blake Street

Petulo atafika £1.90 pa lita mu 2022 muja ine ndinawauza madam kuti basi, galimoto izipita ku tchalitchi ndi kwa achimwene ku Manchester, timaulendo ta mamailosi awiri iti tikutimaliza. Ndinagula njinga ya batire ya sekondi handi. Wogulitsa anandilongosolera bwinobwino, kamota ka 250 watts, kamakukankha ukamapalasa mpaka 15.5 mph kenako kamakusiya, laisensi ayi, inshulansi ayi, msonkho wa pamsewu ayi. Kumva ayi katatu konseko mtima unangoti myaa. Zoti chinjingacho chimalemera makilo 25 ananenanso koma ine apo nkuti ndikuwerengera kale ndalama zotsala.

Dziwani kuti ine ndi mwana wa ku Nchalo, kwathu njinga timapalasa pamalo oti see ngati tebulo. Kuno ku Sheffield ndi zitunda zokhazokha, Blantyre angoyerekeza. Koma ndi batire ndinkakwera ku Walkley ndikuimba mluzu, thukuta osatuluka.

Loweruka lina madam akuti, "Bambo a Chisomo, ufa watha, tengani galimoto." Ine ndati galimoto ya chani, pa Spital Hill pompa? Popita kunali kotsetsereka ndiye sikirini yoonetsa batire sindinaiyang'ane nkomwe. Ndagula ufa wa makilo 10, mafuta ophikira malita 5, ndamanga pa kaliyala ndi mphira mwa ukatswiri, akabaza akanaona akanandipatsa udindo mu komiti.

Pobwerera matama anandituma kuti ndidzere Blake Street. Kamsewu aka nkotsetsereka moti anachita kuika zitsulo mmbali zoti oyenda pansi azigwirira, ganizani. Patsogolo panga panali agogo ena achizungu pa njinga wamba, atavala zothina zija, akupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Ndadina turbo, ndawadutsa, belu ngiriii, mpaka ndawabayibitsa ndi dzanja. Chimene ndinabayibitsira sindichidziwa mpaka lero.

Mamita ngati 20 basi sikirini inangoti phethi, kenako zii.

Abale inu, njinga ya batire ikathima si njinganso ayi, ndi chigayo. Ndinaponda pedulo ndi mphamvu zonse za makolo anga koma inayamba kubwerera chambuyo, ndatsika msangamsanga, kutsika kwangako katundu yense ali kumbuyo ndiye tayala la kutsogolo linadzuka ngati mbuzi yofuna kugunda, mphira thaa, thumba pansi phuu! Chigubu cha mafuta chinauyamba ulendo wobwerera kushopu chokha, ndinangochiperekeza ndi maso. Ndipo poti kuno ndi ku England kamvula kanali kakuwaza, ufa wonse unandimata kuyambira nsidze mpaka nsapato.

Agogo aja anafika pang'onopang'ono, osatsika njinga, nkundifunsa, "You alright, love?" Kuno ngakhale amuna amatchulana choncho, ndinazolowera, koma tsiku limenelo zinandiwawa. Anabayibitsanso.

Ndinaimba foni. Madam anabwera pa galimoto yomwe ija, Chisomo ali kumbuyo ndi tabuleti yake yodzadza 100%, ndipo mpamene ndinadziwa kuti chaja changa anachizula usiku pa soketi ya mu kolido kuti atchaje zake. Mayi ake sanaseke, ndiwayamikire, anangoluma mlomo nkumayang'ana kumbali.

Njinga inakana kulowa mu buti. Tinayesa chagada, tinayesa chammbali, ayi ndithu.

"Ife tikagule ufa wina," anatero madam akukweza galasi. "Inuyo bwerani nayo pang'onopang'ono yosadya petuloyo. Mukafika musalowe, muyambe mwadzikuntha panja."