Chakudya chimalowa bwanji m'phanga?

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano, phunziro la nyama za m'mapanga landilowa. Chimene chinanditsegula mutu ndi funso limodzi: chakudya chimalowa bwanji m'menemo? M'kati mwenimweni dzuwa silifika, palibe chomera. Ndiye chodyedwa chilichonse chiyenera kuchita kubwera kuchokera kunja.

Apa mpamene mileme imasanduka mwini nkhani. Masana imalendewera kudenga, usiku ikutuluka kukasaka, mbandakucha yabwerera n'kumagwetsa zitosi pansi. Ku Bracken Cave ku Texas, mileme yoposa 15 miliyoni imasonkhana m'phanga limodzi nyengo yotentha. Zitosi zija zimaunjikana, mabakiteriya ndi nkhungu n'kuyamba kuzidya, tizilombo n'kubwera kudzadyanso, akangaude n'kumagwira tizilomboto. Mleme subisala chabe, umadyetsa phanga lonse. Nungu ndi afisi nawonso amakokera mafupa pakhomo pa phanga, madzi osefukira n'kulowetsa masamba ndi timitengo.

Nditamvetsa zimenezi, olm wa m'phanga la Postojna ku Slovenia, wooneka ngati buluzi koma wokhala m'madzi, anasiya kundidabwitsa. Khungu lake n'loyezuka, maso ake anakwiririka pansi pa khungu, ndipo amatha zaka osadya kanthu. Kumalo kumene chakudya chimabwera mwa apo ndi apo, wopulumuka ndi amene sawononga mphamvu.

Njira yanga ndi yojambula mivi. Ndimajambula phanga papepala, dzuwa kunja, kenako muvi uliwonse wosonyeza chimene chalowa ndi amene wachidya. Ndikunenetsa, palibe mutu wa bayoloje umene ungakanike ukaujambula chonchi, ndipo anzanga oloweza manotsi akungodzivutitsa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi anathera phunziro lonse kutilowezetsa maina a magulu a nyama za m'mapanga, troglobite (zosatuluka m'phanga), troglophile (zotha kukhala m'kati kapena kunja) ndi trogloxene (zobisalamo koma zokadya kunja), osatchulako za chakudya ngakhale kamodzi. Ukakweza dzanja amati nthawi yatha, silabasi ndi yaitali. Chonsecho magulu atatuwo amadziyala okha ukangofunsa kuti ndani amatuluka kukadya, ndani satuluka. Mayeso ali pafupi, mitu ina sitinaikhudze n'komwe.

Koma Movile Cave ya ku Romania, imene inapezeka mu 1986, ikundisokoneza. Kumeneko mabakiteriya amapanga chakudya pogwiritsa ntchito mpweya wa hydrogen sulfide ndi methane, popanda mleme kapena tsamba lochokera kunja. Papepala langa muvi woyamba ukusowa pochokera, ndipo sindinaganize bwino ngati ndiliike padera phangali kapena ndijambulenso zonse.