Chipsera cha mumtima chimene BP imapanga mwakachetechete

Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, maselo a minofu yake amayamba kufa ola lisanathe, ndipo sabwerera, chifukwa mtima wa munthu wamkulu umangopanga maselo atsopano pafupifupi 1 pa 100 alionse pachaka. Chotsala n'chakuti thupi lisokepo chigamba.

Masiku atatu kapena anayi oyamba, maselo oteteza thupi otchedwa ma neutrophil ndi ma macrophage amadzachotsa maselo akufawo, uku ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi) otchedwa MMP akusungunula ulusi wakale womangirira maselo pamodzi. Khoma la mtima limafewa kwambiri nthawi imeneyi, n'chifukwa chake likamang'ambika, kawirikawiri zimachitika sabata yoyamba. Kenako ma macrophage amatulutsa TGF-β1. Puloteni imeneyi ikamata pa fibroblast, selo yopanga ulusi womangirira minofu, imadzutsa mapuloteni a Smad2 ndi Smad3, omwe amakalamula ma jini kuti seloyo isanduke myofibroblast, selo yotha kukoka ngati mnofu. Ikatero imakoka milomo ya bala ndi ulusi wake wotchedwa α-SMA, n'kumathira collagen, ulusi wopanga chipsera, poyamba wofewa wa mtundu III, kenako wolimba wa mtundu I. Enzyme ya lysyl oxidase imamangiriza ulusiwo pamodzi, ndipo pakatha masabata 6 mpaka 8 chipsera chimakhala chitakhwima. Chipsera chotere chimapulumutsa moyo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuno ku Zomba ndi chipsera china, chobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno anali ndi BP, ambiri osadziwa n'komwe. Mtima ukamakankha magazi movutikira zaka ndi zaka, mahomoni okweza BP otchedwa angiotensin II ndi aldosterone amayatsa njira yomwe ija ya TGF-β1 popanda bala lililonse. Collagen amaunjikana pakati pa maselo amoyo ndi mozungulira timitsempha, mapuloteni otchedwa TIMP n'kumatsekereza ma MMP kuti asamuchotse. Mtima umauma, sutambasuka bwino polandira magazi. Mayi amene ankakwera mtunda wa ku Mulunguzi atasenza katundu amayamba kuima kawirikawiri ndi phuma, miyendo kutupa, usiku kugona chotsamira. Collagen sadutsitsanso mphamvu yamagetsi, choncho mtima umatha kugunda mosokonekera.

Chipsera chokhwima sichichoka, koma chatsopano chimapeweka. Mankhwala a enalapril amachepetsa angiotensin II. Mankhwala a spironolactone amatsekereza aldosterone, ndipo pa kafukufuku wa RALES wa mu 1999 anachepetsa imfa ndi 30 pa 100 alionse mwa odwala omwe mtima wawo unafookeratu. Mankhwala awiriwa amakweza potaziyamu m'magazi, ndiye magazi ndi impso ziziyezedwa monga adokotala anenera. Brufen ndi diclofenac ogula pagolosale amasunga madzi m'thupi n'kulemetsa impso, apeweni. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wam'ndiwo.

Vuto lalikulu ndi kusiya mankhwala mutu ukangosiya kuwawa. BP imakweranso, ma myofibroblast n'kupitiriza ntchito yawo, mwiniwake akuyenda bwinobwino osamva kanthu.