Ku Sliabh Luachra, kwawo kwa Ballydesmond Polka

Sitima yochokera pa siteshoni ya Heuston ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, kupita ku Tralee imadzera ku Mallow, ndipo wofuna nyimbo zovina zotchedwa polka atsikire pa Rathmore. Kumpoto kwake kuli dera la zitunda ndi madambo lotchedwa Sliabh Luachra, m'malire a maboma a Cork ndi Kerry. Mabasi a m'midzi ndi apatalipatali, choncho ndi bwino kuchita hayala galimoto ku Killarney. Amayenda kumanzere ngati kwathu, koma timisewu take n'topapatiza.

Mudzi wa Ballydesmond uli m'mbali mwa mtsinje wa Blackwater. Boma la Britain lidaumanga m'ma 1830 n'kuutcha Kingwilliamstown, ndipo dzina la lero lidabwera mu 1951. Kamudziko kalibe zambiri zoona, koma kadatchuka chifukwa cha nyimbo zitatu zotchedwa Ballydesmond Polka. Anthu ambiri adazidziwira pa chimbale cha The Star Above the Garter cha mu 1969, chimene Denis Murphy adajambula ndi mlongo wake Julia Clifford.

Awiriwa adaphunzira vayolini kwa Pádraig O'Keeffe wa ku Glountane, yemwe adabadwa mu 1887 n'kumwalira mu 1963. Bamboyu adasiya uphunzitsi wa kusukulu n'kumayenda wapansi khomo ndi khomo kuphunzitsa nyimbo. Ankalemba nyimbo mwa njira yakeyake: mipata inayi ya pakati pa mizere inkaimira nsambo zinayi za vayolini, manambala n'kumasonyeza chala choti mwana adinikize.

Polka idachokera ku Bohemia m'ma 1830, koma kuno adaisula mwawomwawo. Ballydesmond iliyonse ili ndi zigawo ziwiri. Chigawo chimakhala ndi timagawo 8 ta kugunda kuwirikuwiri ndipo chimabwerezedwa, kotero ulendo umodzi ndi timagawo 32. Manotsi ake ndi ochepa, mwana amawaloweza tsiku limodzi, n'chifukwa chake alendo amaipeputsa. Pomwe amagwera ndi pa mphamvu. Mlendo amatsindika pomwe phazi lagunda pansi, nyimbo n'kumveka ngati perete wa asilikali. Eni dera amakankha uta woimbira vayolini pakati pa kugundako, phazi lili m'mwamba, ndipo kawirikawiri manotsi awiri amawatengera pa uta umodzi. Kukankha kumeneku ndiko kumanyamula wovina. Vuto lina ndi liwiro: polka imafuna changu ndithu, koma mukathamangitsa mpaka kukankhako kuzimiririka, ovina amayamba kukwekwesa mapazi. Pakakhala mavayolini awiri, tcherani khutu, chifukwa wina amatsikira mawu apansi mnzake ali pamwamba, monga ankachitira Denis ndi Julia.

Gule wake amatchedwa set. Amavina anthu 8, awiriawiri, ataima mbali zinayi moyang'anana. Zigawo zambiri ndi za polka, kenako slide, n'kutsiriza ndi hornpipe, yomwe ndi mitundu ina ya nyimbo zovina. Poyamba ankavinira m'makhitchini, koma lamulo la mu 1935 lofuna chilolezo pa malo ovinira lidafooketsa magule a m'nyumba. Ku Knocknagree, pafupi ndi Rathmore, bala ya Dan O'Connell idausunga guleyu zaka zambiri, Johnny O'Leary akukoka akodiyoni.

Nthawi yabwino yopitako ndi kumapeto kwa Okutobala, pamene ku Castleisland kumachitika chikondwerero chokumbukira O'Keeffe. Kumakhala mvula ndi chisanu, ndipo malo ogona amadzaza msanga. Mukalowa m'bala momwe akuimba, musakhale pa mpando wopanda munthu pakati pa oimba, uli ndi mwini wake. Musafunsenso Ballydesmond potchula nambala, poti mabuku ndi oimba sagwirizana kuti yoyamba ndi iti. Ingong'ung'udzani chiyambi chake, wa vayolini aitola yekha.